Chala cha Mfumu

M'mawa uliwonse a Hamo ankatuluka pakhomo malaya atawamasula mpaka pachifuwa, n'kukawerama pamgolo wa madzi amvula. Ankasamba kumaso, m'makutu, ndevu, mpaka padazi. Akafika kumanzere kwa khosi, pansi pa nsagwada, ankaphimbapo ndi dzanja limodzi, linalo likuzungulira pang'onopang'ono kuti dontho lisagwerepo. Pamenepo madzi anali asanafikepo chichokere unyamata wawo. Panali pakuda ngati kunsi kwa poto, litsiro litachita nkhanambo, ndipo nthawi yotentha ntchentche zinkapadziwa bwino kuposa anthu. Akatha kusamba ankaima pakhomo chammbali, mutu ataupendeketsa, kuti aliyense wodutsa mumsewu aone pamene mfumu inagwira.

Idoni, mkazi wa mwana wawo Osbert, ankaima poteropo ndi ndowa, kudikira kuti achoke atunge madzi. Sankalankhula. Chikwatiwire pabanjapo, anthu ankati mawu ake amawadziwa ndi mwana wake yekha. Apongozi akewo anamupatsa dzina loti Kachetechete, ndipo ankachita zinthu zawo zonse iye ali pomwepo, ngati mmene munthu amavulira pamaso pa mphaka.

Nkhani ya khosilo aliyense m'tauni muno ankaidziwa, wofuna ndi wosafuna. A Hamo anabadwa chaka chimodzi ndi mfumu yofatsa ija, imene anaiveka ufumu idakali kubere. "Tinkayamwa limodzi," ankatero. "Iye kunyumba yachifumu, ine kuseri kwa khola la nkhumba, koma chaka chake chimodzimodzi." Ali mnyamata khosi lawo linatupa mwanabele woipa uja amene amati sapola pokhapokha mfumu yodzozedwa itagwirapo. Mayi awo anapita nawo ku London, anakaima pamzere wa odwala, ndipo mfumu, imene nayonso inali kamnyamata, inaika chala chachikulu pachotupacho. Nkhani yeniyeni inathera pomwepo. Koma m'kamwa mwa a Hamo inkanenepa chaka ndi chaka. Poyamba mfumu inangogwira basi. Kenako inawafunsa dzina. Pofika nthawi imene Idoni ankakwatiwa, mfumu inali itagwetsa misozi n'kunena kuti mnyamata wa nkhope yoona mtima chonchi inali isanamuonepo m'dziko lonse.

Mayi Sibota, ophika mowa panyumba yoyang'anizana ndi yawo, anakulira nawo limodzi ndipo sankawaopa. Iwo ankati chotupacho chinakhalapobe nthawi yaitali atabwerako ku London, mpaka tsiku lina nkhosa yamphongo inawagunda n'kuchiphulitsa. Ankati ngati pali woyenera kuthokozedwa ndi nkhosayo, koma taonani mmene mwamunayu amazithokozera nkhosa, tsiku ndi tsiku kuzikazinga mafuta. Pajatu ntchito ya a Hamo inali yopanga makandulo: a mafuta a nkhosa, onunkha aja, ogulitsa kwa anthu wamba, ndi a phula la njuchi opita kutchalitchi.

Ufumu wa mfumu ija sunali woti munthu n'kuunyadira nthawi yaitali. Mizinda ya ku Falansa imene bambo ake anaigwira ndi lupanga inkataika umodzi umodzi, asilikali akubwerera opanda nsapato, akuba nkhuku m'njira. Kenako kunamveka kuti mfumu yangokhala duu, sikulankhula, sikuzindikira ngakhale mwana wake wobadwa kumene. Akuluakulu a dziko anayamba kudulana mitu polimbirana kuti aigwire dzanja ndani. Masiku amenewo ndi pamene a Hamo anagula mpango.

Tsiku limene asilikali a mfumu yatsopano anadutsa m'tauni, zizindikiro za dzuwa zili pachifuwa, a Hamo anaima pakhomo khosi litakulungidwa mpaka m'makutu, akufuula kuposa aliyense kuti mfumu ikhale ndi moyo wautali. Msilikali wina atafunsa za mpangowo kunja kukutentha chonchi, anati anapsa ndi mafuta a mumphika. Mfumu yakale ija anayamba kuitchula chitsiru cha mapemphero, ndipo kumowa ankaitsanzira mmene inkakhalira duu, dovu likutsika, anthu n'kumafa ndi phwete. Koma pakhosi paja sanasambepo. M'kati mwa mpango momwemo litsiro linkasamalidwabe. Malemu akazi awo atawafunsa kuti nanga akulisungiranji poti akulibisa, anayankha kuti sizidziwika, mwina tsiku lina lidzagwira ntchito.

Patapita zaka, mfumu yakale anaitulutsa m'ndende n'kuikhazikanso pampando, ndipo mpango unavulidwa tsiku lomwelo. Chisanu chimodzi chitangodutsa, anaibwezera m'ndende muja, n'kufa imfa imene aliyense ankadziwa mmene inachitikira koma osaitchula. Mpango unabwerera m'khosi. Mayi Sibota ankati iwo sankavutika kufunsa amalonda nkhani za ku London. "Ndimangosuzumira pawindo. Khosi la Hamo likakhala pamtunda, ndiye kuti akulamulira ndi uyu. Likabisika, ndi winayo."

Mtembo wa mfumu anakauika kwa amonke kumtunda kwa mtsinje, malo akutali ndi maso, kuti anthu aiwale. Anthu sanaiwale. Munthu amene ali moyo analephera kusunga chipewa chake chachifumu chomwe, atafa anayamba, ati, kudzutsa ana omira m'zitsime, kuwongola miyendo yopunduka, ndi kutulutsa nyemba zokakamira m'makutu. Odwala ndi abale awo anayamba kukhamukira kumandako, ndipo msewu wake unkadutsa pakhomo penipeni pa a Hamo. Mpango uja anamupatsa Idoni kuti azipukutira mapoto.

Kuno mwana akadwala kwakayakaya timamuyeza. Mayi amatenga chingwe n'kuchiyala kuyambira paliwombo mpaka kuchidendene, akutchula dzina la woyera amene akumupempha, n'kulonjeza kuti mwana akadzuka, chingwecho chidzakhala m'kati mwa kandulo wa phula lenileni, wamtali ngati mwanayo, woti akayake pamanda a woyerayo. Chingwecho ndi mwanayo. Palibe mayi amene amafuna kuuzidwa zimenezo.

Amayi ankafika pashopu ya a Hamo zingwe zawo atazikulunga n'kuzibisa pachifuwa. A Hamo ankazilandira ndi manja awiri, maso ali kumwamba, khosi atalitembenuzira kowala. Ankawauza kuti afika poyenera, chifukwa kandulo wopangidwa ndi munthu amene mfumu inamugwira imamuzindikira msanga kuposa ena onse. Akatero ankawatumiza kwa mayi Sibota kukapuma. Chitseko chikangotsekeka, ankayala chingwe patebulo, kuika chala chawo chachikulu kumapeto, n'kudula ndi mpeni.

"Chala cha mfumu," ankatero, akuponya kachidutswako m'dengu. "Inandipatsa chala, ine ndikungotenga changa."

Chala chimodzi pakandulo aliyense, phula lake linkatsala mumphika mwawo. Ndipo si pokhapo. Chingwe chodulidwacho ankachiviika kaye m'mafuta a nkhosa mpaka chinenepe, phula n'kungobwera pamwamba ngati malaya a pa Sabata. Osbert anaphunzira ntchito yonseyi ali mwana, moti dzanja lake linkadula lokha ngakhale akucheza za nyengo. Sanali munthu woipa Osbert. Anali ngati mafuta a nkhosa omwewo, ukawathira m'chikho amakhala chikho.

Ntchito ya Idoni masana inali kukhala pakhomo la kuseri ndi dengu lija, kulumikiza tizidutswato timfundotimfundo kuti tikhale zingwe za makandulo otchipa. Ankatimanga akudziwa kuti aka n'kaphazi ka mwana wa mayi wa diso limodzi uja, aka n'kamutu ka mwana wa mtsikana amene ankalira osatulutsa mawu. Ankaona, ankamanga, osanena kanthu. Madzulo akamadya phala la nsawawa, apongozi ake ankapemphera pemphero lalitali lothokoza mfumu yoyera chifukwa cha chakudya.

Chaka china atangomaliza kukolola, Avis, mwana mmodzi yekhayo wa Idoni, anadwala. Anali kamtsikana ka tsitsi lofiira, kongoyamba kumene kufunsa kuti ichi n'chiyani, icho n'chiyani. Thupi linatentha ngati buledi wochoka mu uvuni, khosi linauma, ndipo amayi ake akamuitana ankayang'ana khoma. Anamumwetsa zonse zimene amayi a mumsewu anabweretsa, koma sizinathandize. M'mawa wina Idoni anatenga chingwe chatsopano m'shopu, n'kugwada pambali pa mwana. Kumutu anamanga mfundo, ndipo m'mfundomo anamangiramo katsitsi kofiira kamene kanatsalira papilo. Anayala chingwecho mpaka kuchidendene, akunong'oneza mfumu yakufa ija. Anaiuza kuti nayonso inakhalapo duu osazindikira mwana wake, ndiye ikudziwa mmene zimawawira. Anailonjeza kandulo wa phula lokhalokha, ndi kuti adzamunyamula yekha wapansi.

Sabata isanathe, Avis anatsegula maso n'kupempha mkaka. Mayi Sibota anabwera kudzamuona, n'kuuza Idoni kuti asachedwe nalo lonjezo. Anamukumbutsa za mkazi wa kuchigayo amene anati adikire mvula ithe, mwana n'kubwereranso pamphasa osadzukanso. Oyera, anatero, amachiritsa mwachangu koma saiwala.

Idoni ankafuna kupanga kanduloyo yekha. Koma apongozi ake anamupeza m'shopu muli amayi atatu a paulendo, n'kutambasula dzanja. Ananena mokweza, kuti alendowo amve, kuti kandulo wa mdzukulu wawo sapangidwa ndi wina ayi, apanga okha ndi manja amene mfumu ikuwadziwa. Alendo aja anagwedeza mitu, wina mpaka anapukuta msozi. Idoni anayang'ana Osbert. Osbert anali akuyang'ana kena kake pansi pa tebulo. Kukana pamaso pa anthu Idoni sankatha. Anatulutsa chingwe pachifuwa n'kupereka, akudziuza mumtima kuti ngakhale fisi amadziwa mwana wake.

M'mawa mwake kandulo anali atapachikidwa pamtanda wa denga, wachikasu, wosalala, wokongola kuposa onse amene anatulukapo m'shopumo. Masana Idoni anakhala pakhomo la kuseri ndi dengu lake, Avis atagona pamiyendo pake. Mwanayo tsiku limenelo anali wofooka, akungogwiragwira kumutu. Idoni anapisa m'dengu, natulutsa kachidutswa, n'kupisanso. Kachitatu kanali ndi mfundo, ndipo m'mfundomo munali katsitsi kofiira.

Anagoneka mwana pabenchi n'kulowa m'shopu. A Hamo anali akutakasa mumphika, Osbert akukhwekhwereza mafuta pansi. Idoni anaika kachidutswako patebulo.

"Apongozi, mwadula kumutu."

A Hamo anatembenuka, n'kuyang'ana kachingweko, kenako Idoniyo. Anaseka. "Tamvera Osbert, Kachetechete ali ndi lilime. Ine ndimayesa unakwatira chithunzi cha m'tchalitchi." Ananena kuti dzanja likazolowera silifunsa kuti uyu ndi mwana wa ndani, ndipo kachala kamodzi sikanaphepo munthu.

Idoni anapita pakandulo uja n'kukanda kunsi kwake ndi chikhadabo. Chikasu chinachoka ngati khungu la anyezi, m'kati munali moyera. Ananunkhiza chala chake, n'kuchitambasulira kwa mwamuna wake. Osbert anati asachite phokoso, kunja kuli makasitomala, ndipo bambo akhala pantchitoyi nthawi yaitali, akudziwa zimene akuchita.

A Hamo anasiya kuseka. Anatsitsa mawu, poti zimene ankafuna kunenazo sizinali zoti alendo amve. "Mtsikana iwe, munthu ameneyu ine ndinamuona ndi maso angawa. Chala chake chinali chozizira ngati nsomba, ndipo ankayang'ana kudenga, osati ine. Ali moyo anataya Falansa yense osazindikira. Lero wafa ndiye aziwerenga zala? Tenga kandulo wakoyo, ukayatse, ubwere uzimanga zingwe."

Idoni anatola kachidutswa kake n'kutuluka. Kunja Avis anali atadzuka, akulira chamumtima, dzanja lili pamutu.

Panali chinthu chimodzi chimene a Hamo ankaganiza kuti palibe akuchidziwa. Pansi pa bedi lawo, m'bokosi la zovala za malemu akazi awo, munali chibulumwa cha phula lenileni, chachikulu ngati mtanda wa tchizi, chokulungidwa m'nsalu. Linali phula limene anakhala akubera ana a anthu chala ndi chala, ndipo ankalisungira maliro awo. Ankafuna kuti pabokosi lawo padzayake makandulo akuluakulu onunkhira uchi, ngati pamaliro a bwana wa dera. Idoni ndi amene ankasesa m'chipindamo.

Tsiku la msika, a Hamo ndi Osbert atapita kwa opha nyama kukagula mafuta, Idoni anawoloka msewu n'kukagogoda kwa mayi Sibota. Sanafotokoze zambiri. Anangowaonetsa kachidutswa ka tsitsi lofiira. Mayi Sibota anatukwana mawu amene sayenera kulembedwa, anasiya mowa uli pamoto, n'kubwera kudzakhala pakhomo la shopu, Avis ali pamiyendo, kuuza aliyense wofika kuti eni ake kulibe.

Idoni anathyola kandulo wokongola uja pabondo, n'kusolola chingwe. Anachiwiritsa m'madzi kuti mafuta a nkhosa achoke, nachiyanika pamoto. Kenako analumikiza kamutu kaja pamalo pake ndi mfundo yaing'ono kwambiri imene zala zake zinatha kumanga, ndipo mfundo zinali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Anatsuka mphika ndi phulusa, anakatenga chibulumwa chija pansi pa bedi, n'kuchiswa ndi nkhwangwa. Shopu yonse inanunkhira uchi, fungo limene makoma amenewo anali ataliiwala. Anapachika chingwe n'kumathira phula ndi chipande, kudikira liume, n'kuthiranso. Kandulo atafika poti n'kuima yekha, phula linali litatsala lambiri, ndipo Idoni anazengereza.

"Thira lonse, mwana wanga," anatero mayi Sibota ali pakhomo. "Ukufuna mwana wako adzakhale woonda?"

Anathira lonse.

Anauyamba ulendo tsiku lomwelo, mwana kumsana, kandulo atamukulunga m'nsalu ya malemu apongozi ake aakazi n'kumunyamula m'manja ngati mwana wachiwiri. Anagona m'khola la mlimi wina pamodzi ndi apaulendo anzake, ndipo anafika kwa amonke dzuwa lili pamutu. M'tchalitchimo munali mdima ndi phokoso la anthu okhosomola. Pamanda a mfumu panali ndodo za amene anachira, timiyendo ndi timanja taphula, ndi makandulo ambirimbiri, aatali ndi aafupi. Makandulo a m'shopu ya kwawo anawazindikira asanawayandikire. Ndi amene ankatulutsa utsi wakuda, akudontha ngati mphuno ya chimfine, akununkha khitchini. Mmonke woyang'anira pamenepo ankadutsa pafupi nawo atagwira mphuno. Amayi eni ake anali atagwada pansi pake, maso atatseka, akuthokoza.

Idoni anaimika wake, anamuyatsa, n'kugwada, Avis atamukumbatira. Mfundo ija inali pafupi ndi pamwamba, chala chimodzi kuchokera kumutu, ndiye sanachoke. Lawi linatsika pang'onopang'ono, loyera, losagwedezeka. Litafika pamfundo linachepa, linasanduka labuluu, n'kukhala kakang'ono ngati njere ya tirigu. Idoni anagwira mutu wa mwana wake ndi manja onse awiri. Phula linasungunuka mozungulira mfundoyo, kamoto kanapendekeka ngati kakufuna kugwa, kenako kanagwira chingwe cha mmunsi n'kuimirira.

Avis anakoka mpango wa amayi ake n'kufunsa kuti bambo ovala mkanjowo agwiriranji mphuno.

Pobwerera anapeza a Hamo ali pakati pa msewu, bokosi la zovala lija, lopanda phula, lili pamapazi awo, akufuula kuti m'nyumba mwawo analowetsa mbala. Anthu anasonkhana, pamodzi ndi apaulendo amene zingwe zawo zinali m'shopu. Idoni anaima mutu uli pansi, mwana kumsana. Mayi Sibota anatuluka akupukuta manja.

"Wakubera chiyani, Hamo? Nena bwino anthu amve. Phula lenileni linali pansi pa bedi lako? Nanga m'makandulo a amayi awa muli chiyani?"

A Hamo anayang'ana apaulendo aja, n'kutola bokosi lawo. Anati ndi nkhani ya m'banja, ikakambidwa m'nyumba. M'nyumbamo sinakambidwe. Kuyambira tsiku limenelo Idoni anasiya kukhala Kachetechete, anasanduka "uyo". Uzani uyo abweretse madzi. Uyo wathira mchere wambiri.

Avis anachira, anakula, tsitsi lake lofiira likuoneka kuchokera kumlatho. A Hamo sanasiye kudula. Dengu linkadzazabe, ndipo Idoni ankamangabe mfundo zake, koma zingwezo sanazipereke kumphika. Sakanathanso kuona mitu ndi mapazi a ana a anzake zikuyaka m'nyumba za mowa. Ankangozilumikiza chingwe chimodzi chosatha n'kumachikulunga, ndipo mpirawo unakula mpaka kufanana ndi kabichi. Osbert ankauona pashelefu osafunsa.

Kenako kunabweranso mfumu ina, poti masiku amenewo mafumu ankasinthana ngati alendo a panyumba yogona. Imeneyo inalamula kuti mtembo wa mfumu yofatsa ija ufukulidwe, ukaikidwe m'tchalitchi chachikulu kwina. Apaulendo anatsatira mtembo, ndipo msewu wa pakhomo pa a Hamo unatsala ndi ngolo za nkhuni. M'mawa ankasambabe mozungulira, n'kuima chammbali khosi lili pamtunda, koma oliona anali atsekwe a mayi Sibota. Phula anasiya kugula. Chingwe chatsopano chinatha m'shopu. Banja linkadya chifukwa cha makandulo onunkha a Osbert, oviika udzu wa m'dambo m'malo mwa chingwe, ndi ulusi umene Idoni ndi Avis ankapota.

Chisanu china pakuda paja panatupa. Poyamba panali ngati dzira la njiwa, kenako la tsekwe, ndipo kumeza kunayamba kuvuta. Wometa tsitsi amene amang'ambanso zithupsa anabwera, n'kunena kuti ayambe watsukapo kaye kuti aone bwino. A Hamo anamuthamangitsa ndi ndodo. Anati akatsukapo, iwo akafika kumwamba akaonetsa chiyani? Mayi Sibota, amene nawonso anali atakalamba mpaka kuyendera ndodo, anati ku London kulibe mfumu yoti n'kumugwiranso, koma ngati angafune, nkhosa yamphongo ilipo kwa mlamu wawo.

Mantha anawagwira pang'onopang'ono ngati chinyezi chokwera khoma. Munthu amene ankatsanzira dovu la mfumu anayamba kuitchula m'tulo, kuikumbutsa kuti anayamwa chaka chimodzi. Wansembe anabwera, anawamvetsera nthawi yaitali, n'kutuluka akupukusa mutu. M'mawa wina, kunja madzi a mumgolo atauma gwa ndi kuzizira, a Hamo anaitana Osbert n'kumuuza kuti akufuna kuyezedwa. Mfumu ikawadzutsa, adzaipatsa kandulo wamtali ngati iwo. Osbert anatembenuka kuti akafune chingwe, koma bambo ake anamugwira malaya.

"Iwe ayi. Dzanja lako ndinaliphunzitsa ndine." Anapuma kwa kanthawi, mpweya ukulira pakhosi. "Itana Idoni."

Aka kanali koyamba kuti dzinalo lituluke m'kamwa mwawo. Idoni analimva ali kukhitchini. Anapukuta manja, anapita pashelefu, n'kutsitsa mpira uja. Chingwe china m'nyumbamo munalibe.

Anagwada pambali pa bedi. Fungo la pakhosi paja linali loti Osbert anakaima pawindo, koma Idoni anali atatsuka zoipa zambiri pamoyo wake. Anaika nsonga ya chingwe padazi, paliwombo penipeni, n'kuuza Avis, amene tsopano anali namwali, kuti agwire pamenepo osasuntha. Anayamba kumasula mpirawo. Chingwe chinadutsa pamphumi, pamphuno, pandevu, timfundo tikugunda khungu kamodzikamodzi. A Hamo anatsegula maso n'kufunsa kuti chingwe chamabampu chonchi n'chamtundu wanji.

"Ndi zala za mfumu, apongozi. Zonse zilipo."

A Hamo anatsekanso maso. Patapita kanthawi anafunsa za phula, ngati latsalako pena pake, ngakhale pang'ono. Idoni anati phula lomaliza m'nyumba muno linapsa kwa amonke, ndipo linayaka bwino kwambiri. Mafuta a nkhosa alipo odzaza mphika. Anapitiriza kuyala chingwe pachifuwa, pamimba, pamawondo owonda aja. Anayeza moona, osakoka, osalekerera, ngati mmene anayezera mwana wake. Pansi pa bulangete anamva miyendo ya nkhalambayo ikuwongoka, zala za kumapazi zikutambasuka ndi mphamvu yonse imene inatsala, kuti mwina atalikeko pang'ono.

Idoni anafika kuchidendene. Anatsina chingwe pamenepo ndi chikhadabo, n'kutambasula dzanja kuti Osbert amupatse mpeni. A Hamo anadzutsa mutu papilo.

"Usadule pamenepo, mwana wanga," ananong'ona. "Uwonjezepo chala."